Kujambula mapiri a ku Wales: kuyambira pokonzekera mpaka pa chithunzi chomaliza

Mapiri a ku Wales, dziko la mu United Kingdom, si aatali. Lalitali pa onse, Yr Wyddfa, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina loti Snowdon, ndi la mamita 1,085 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu woyenda mu mzinda wa Lilongwe ali kale pamtunda pafupifupi wofanana nawo. Koma manambalawo asakunamizeni. Mapiriwa amayambira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, amalandira mphepo ndi mvula zochokera ku Atlantic, ndipo nyengo yake imatha kusintha kangapo ola limodzi lisanathe. Kusinthasinthako kumasautsa wojambula, komanso n'komwe kumamupatsa zithunzi zabwino. Ku Wales malo ojambulira amakusankhirani ndi dzuwa ndi mitambo. Ntchito yanu ndi kudziwiratu komwe kuwala kukagwere, n'kukafikako iko kusanafike.

Choyamba, phunzirani kayendedwe ka dzuwa la kumeneko

Ife amene tinakulira komwe dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 chaka chonse n'kuthamangira paliwombo, tiyenera kuzolowera dzuwa lina. Kumpoto kwa Wales kuli pa madigiri 53 kumpoto kwa ikweta. Mu Juni dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, chakumpoto kwa kum'mawa, ndipo limakalowa cha m'ma 9:45 usiku chakumpoto kwa kumadzulo. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 8:25, chakum'mwera kwa kum'mawa, ndipo ikamakwana 4 koloko lalowa kale. Pakati pa tsiku la Disembala limangokwera madigiri 14 basi. Chaka chonse silifika paliwombo, masana limakhala kum'mwera.

Zimenezi zili ndi zotsatira ziwiri kwa wojambula. Nthawi yozizira kuwala kumabwera chammbali tsiku lonse, kumatulutsa makwinya onse a phiri, ndipo simufunika kudzuka pakati pa usiku kuti mukupeze. Koma zigwa zoyang'ana kumpoto, zomwe n'zambiri ndipo n'zokongola koposa, zimatha masabata ambiri osaona dzuwa. Wina amayenda ulendo wonse kukafika ku chigwa cha Cwm Idwal mu Januwale akuyembekeza kuona makoma ake atawala, n'kukapeza mthunzi wokhawokha.

Ndiye musanasankhe malo, tsekulani pulogalamu ya PhotoPills kapena ya The Photographer's Ephemeris pa foni, ikani kachizindikiro pomwe mukufuna kukaima, muone mzere wosonyeza komwe dzuwa lidzatulukire ndi komwe lidzalowere tsiku limenelo. Dzifunseni funso limodzi: mbali ya phiri yomwe ndikufunayo, dzuwa lidzaiwomba nthawi yanji? Kumbukiraninso kuti nthawi yolembedwa ya kutuluka kwa dzuwa ndi ya pamalo athyathyathya. M'chigwa chakuya likhoza kuchedwa ola lathunthu kapena kuposa.

Mitundu nayonso ili ndi miyezi yake. Mu Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala timaluwa ta heather timafiiritsa mapiri. Mu Okutobala ndi Novembala zomera za bracken zimauma n'kusanduka zofiirira ngati dzimbiri, ndipo kwa ine imeneyi ndiyo miyezi yabwino koposa. Juni ndi Julayi zonse zimangokhala zobiriwira mofanana, anthu amakhala ochuluka, ndipo madzulo opanda mphepo timaudzudzu ting'onoting'ono ta midge timakulumani mpaka kuiwala chomwe munadzera.

Chachiwiri, werengani zanyengo za kumapiri, osati za m'tauni

Foni ikamati ku Bangor kukhala dzuwa, sikuti yanena za pamwamba pa phiri la Tryfan. Onani malipoti a kumapiri a Met Office komanso a Mountain Weather Information Service. Onse awiri amalemba padera za Eryri, dera lomwe kale linkatchulidwa kwambiri kuti Snowdonia, ndi za Bannau Brycheiniog, lomwe ndi Brecon Beacons. Madera awiriwa ndi mapaki otetezedwa, ndipo maina a Chiwelshiwa ndi amene akuluakulu a mapakiwo anasankha kugwiritsa ntchito, a Eryri mu 2022 ndipo enawo mu 2023, choncho muziwadziwa posaka zinthu pa intaneti.

Mu lipotimo funani zinthu zitatu. Mitambo itsika kufika pa mamita angati? Ikatsikira pa mamita 600, nsonga zonse zabisika, musavutike kukwera. Mphepo ikhala yamphamvu bwanji? Ikadutsa mamailosi 30 pa ola, thirayipodi, choimikapo kamera cha miyendo itatu, imanjenjemera, ndipo ikafika 40 ngakhale kuyenda kumene kumavuta. Nanga madzi ayamba kuundana pa mtunda wanji? Kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 aliwonse, mphepo n'kudzawonjezeranso pamenepo.

Tsiku la thambo loyera mbee kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi labwino kokayenda ndi banja, koma zithunzi zake zimakhala zozizira. Tsiku lofunika kulisaka ndi lomwe lipoti likunena za mvula yodukizadukiza ndi dzuwa, makamaka chimvula chachikulu chitangodutsa, mphepo ikuchokera kumpoto chakumadzulo. Mpweya umakhala utatsukidwa, mitambo imang'ambika, ndipo kuwala kumayenda pa phiri mizeremizere. Mudzanyowa ndithu. Walira mvula walira matope.

Palinso tsiku lina losowa, lomwe limabwera kawirikawiri m'miyezi yozizira pamene mpweya wadekha, usiku kunalibe mitambo, mphepo kulibe. Mpweya wozizira umatsikira m'zigwa, chifunga n'kudzaza m'menemo, nsonga za mapiri zokha n'kutsala pamwamba padzuwa. Mukadzuka tsiku lotere pawindo pamaoneka potuwa, ndipo ambiri amabwerera m'bulangete. Lipoti likanena kuti nsonga zikhala pamwamba pa mitambo, nyamukani.

Chachitatu, lolani nyengoyo ikuuzeni kopita

Khalani ndi malo atatu kapena anayi m'mutu, aliwonse ndi nyengo yake, ndipo chiganizo chomaliza muchipange usiku woti mawa mukupita.

Ngati m'mawa kukuoneka kuti kucha bwino ndipo simunayambe mwajambulapo kumeneko, yambirani ku Llynnau Mymbyr, nyanja ziwiri zazing'ono pafupi ndi Capel Curig. Msewu wa A4086 ukudutsa m'mbali mwake, palibe kukwera kulikonse. Mukaima kumapeto kwa kum'mawa n'kuyang'ana kumadzulo, mukuona Yr Wyddfa ndi anzake atandandalika. Dzuwa limatulukira kumbuyo kwanu, limayamba kufiiritsa nsonga zokha pansi ponse pakadali mdima, kenako kuwalako kumatsika pang'onopang'ono. Mphepo ikakhala kuti sinadzuke, phiri lonse limaonekanso m'madzi. Fikani mphindi 45 dzuwa lisanatuluke. Mukafika litatuluka kale, zabwino zapita.

Amene miyendo ikuwalola apite ku chigwa cha Ogwen, pa msewu wa A5. Phiri la Tryfan, la mamita 917, ndi thanthwe lokhalokha la mano atatu, ndipo limajambulika bwino mukaima kutsidya. Kuchokera kumapeto kwa kum'mawa kwa nyanja ya Llyn Ogwen, tsatirani kamtsinje ka Afon Lloer chokwera. Mukakwera pang'ono tembenukani: kamtsinjeko kakutsetsereka pa miyala patsogolo panu, kumunsi kuli nyanja, Tryfan waima kuseri kwake, ndipo m'mawa dzuwa limawomba mbali yake ya kum'mawa. Pansi pamenepo ndi ponyowa chaka chonse, nsapato zansalu musabwere nazo.

M'chigwa chomwecho muli Cwm Idwal, malo oyamba ku Wales kutetezedwa ngati National Nature Reserve, mu 1954. Kuchokera poimika galimoto pa Ogwen Cottage, njira yoyalidwa miyala imakufikitsani pa nyanja ya Llyn Idwal pa theka la ola. Charles Darwin anafika muno mu 1831 kudzaona miyala, ndipo anadzalemba yekha pambuyo pake kuti ulendo umenewo sanazindikire zizindikiro za madzi oundana omwe anakumba chigwachi, ngakhale zinali ponseponse. Inu ziyang'anitsitseni, chifukwa ndizo zipangizo zanu zojambulira: zimiyala zomwe zinasiyidwa paliponse, matanthwe osalala okhala ndi mizere, timitunda ta dothi m'mbali mwa nyanja. Malowa amakoma mitambo ikakhala yatsika n'kumakhudza mng'alu wakuda wa Twll Du. Nthawi yozizira, m'malo molimbana ndi makoma amthunzi, zungulirani nyanjayo mukaime kutsidya n'kuyang'ana kumpoto. Phiri la Pen yr Ole Wen limakhala padzuwa pamene inu muli mumthunzi.

Kukakhala mvumbi, nsonga zonse zitabisika, musataye tsiku. Pitani ku Dinorwig pamwamba pa Llanberis, mgodi wakale wa miyala ya slate womwe unatsekedwa mu 1969 ndipo ndi mbali ya malo omwe UNESCO inawalemba pa mndandanda wake mu 2021. Slate ikauma imangotuwa, koma ikanyowa imada n'kutulutsa mitundu yobisika. Tinyumba togumuka tomwe ankagonamo anthu ogwira ntchito mumgodimo timaoneka bwino mu chifunga kusiyana ndi padzuwa. Yendani m'njira yololedwa, mipanda ili pamenepo pa chifukwa. Kapena sakani mathithi: Aber Falls kumpoto, ndipo kum'mwera dera la Ystradfellte, komwe kuli Sgwd yr Eira, mathithi omwe njira imadutsa kuseri kwa madzi ake, komanso, chakumadzulo kwa deralo, Henrhyd, a mamita 27.

Tsiku la chifunga cha m'zigwa lija ndi la Pen y Fan, phiri la mamita 886, lalitali koposa kum'mwera kwa Wales. Kuchokera pa Pont ar Daf pa msewu wa A470, njira yake ndi yotakata ndipo ola limodzi ndi theka limakwana kwa munthu wonyamula chikwama. Mapiri a kuno ndi osiyana ndi a kumpoto: pamwamba pake m'pathyathyathya, udzu wokhawokha, kenako mwadzidzidzi phompho la miyala yofiira loyang'ana kumpoto. Mukafika pansonga musangoima pa mulu wa miyala pomwe aliyense akudzijambulira. Sunthirani kum'mawa muyang'ane Cribyn, phiri losongoka loyandikana nalo.

Za kukwera Yr Wyddfa mpaka pansonga ndinene chilungamo. Kukwerani kuti mudzanene kuti munafikapo, koma phiri lomwe mwaliponda simungalijambule. Anthu oposa theka la miliyoni amakwerapo chaka chilichonse, sitima yakhala ikukweza anthu kuchokera ku Llanberis kuyambira 1896, ndipo Loweruka la dzuwa pansonga pamakhala mzere. Zithunzi zabwino zili m'munsi, pa njira ya Miners' Track yochokera pa Pen-y-Pass, m'mbali mwa nyanja za Llyn Llydaw ndi Glaslyn. Ndipo chikwangwani chikakulozerani ku Crib Goch, musatsatire chifukwa choti ena akupita. Ndi kamsana kopyapyala ka thanthwe, phompho uku ndi uku, ndipo anthu amafa pamenepo.

Kamtengo kotchuka koima pakokha m'mphepete mwa nyanja ya Llyn Padarn, ku Llanberis, kajambuleni ngati mukufuna, m'mawa wa nthawi yozizira pamene dzuwa limatulukira cha kumapiri kuseri kwake. Mungodziwa kuti mudzapeza anzanu ataimika kale mathirayipodi awo.

Opanda galimoto asadandaule. Sitima imafika ku Bangor ndi ku Betws-y-Coed, mabasi a Sherpa'r Wyddfa amazungulira Yr Wyddfa, basi ya T10 imadutsa ku Ogwen, ndipo T4 imaima pa Storey Arms munsi mwa Pen y Fan. Vuto ndi loti basi yoyamba imafika dzuwa litatuluka, ndiye mugone pafupi. A galimoto adziwe kuti pa Pen-y-Pass, nyengo ya alendo ambiri, malo oimika amafunika kusungitsiratu pa intaneti.

Chachinayi, longedzani

Kamera iliyonse yojambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona kuti mudzazikonze pa kompyuta, ikwana, ngakhale foni. Malenzi awiri ndi okwanira: yotambalala, monga 16-35mm, ndi yokokera kutali, monga 70-200mm. Onjezani thirayipodi yolimba, fyuluta ya polariser yochotsa kunyezimira, mabatire awiri apadera osungidwa m'thumba la mkati kuti asazizidwe, ndi tinsalu topukutira lenzi tinayi kapena tisanu, chifukwa kamodzi kakanyowa kamangopaka madzi. Pathupi: jekete ndi buluku zosalowa madzi, zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza m'malo mwa chimodzi chokhuthala, magolovesi, chipewa, nsapato za kumapiri. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma ndipo imakoka kutentha kwa thupi. Tochi ya pamutu, chakudya, chakumwa chotentha, ndi mapu apepala a Ordnance Survey: OL17 ya Yr Wyddfa ndi Ogwen, OL12 ya Pen y Fan ndi mathithi a kum'mwera aja.

Chachisanu, mukafika musayambe ndi kuimika thirayipodi

Thirayipodi ikangoima, munthu amamera mizu pomwepo. Isiyeni kaye pa chikwama. Tengani kamera m'manja, yendani uku ndi uku, gwadani, kwerani pa mwala, suzumirani. Masitepe asanu okha amatha kulekanitsa nsonga ziwiri zomwe zinali zitaphatikizana, kapena kuchotsa msewu womwe unali kuonekera pakona.

Kenako nenani ndi pakamwa, m'mawu ochepa, chomwe mukujambula. "Kuwala pa mbali ya Tryfan." "Mwala uwu ndi chithunzithunzi cha phiri m'madzi." Mukalephera kunena, chithunzinso chidzalephera. Chilichonse chosathandiza mawu amenewo chichotseni posuntha kapena pokokera lenzi.

Lenzi yotambalala ndi yomwe imakhumudwitsa ambiri. Maso anu akuona chiphiri chachikulu, koma pa 16mm chimasanduka kachulu kakutali, theka la chithunzi n'kukhala udzu wopanda kanthu. Lenzi imeneyi imafuna chinthu champhamvu pafupi kwambiri, mita imodzi kapena iwiri kuchokera pa kamera: mwala wa ndere zachikasu, madzi okhotakhota, mpanda wa miyala. Tsitsani kamera kufika m'mawondo kuti chinthucho chikule. Mipanda ya miyala yosamata ya ku Wales ndi mphatso kwa wojambula, chifukwa imakwera phiri mokhotakhota n'kutsogolera diso komwe mukufuna. Ngati patsogolo palibe chooneka, musakakamize. Sinthani lenzi, kokerani pa 100mm kapena 200mm, mudule kachigawo kamodzi ka phiri: msana umodzi wowala pakati pa mithunzi, kanyumba koyera ka mlimi pansi pa chithanthwe, mizere ya mapiri yotsatizana yomwe ikunka ikutuwa. Zithunzi zambiri zomwe zimaoneka kuti ndi zanuzanu zimachokera ku lenzi imeneyi.

Ikanimo chinthu chosonyeza kukula. Munthu wa jekete yofiira pa njira, nkhosa pa thanthwe, mbuzi zakutchire zomwe zimapezeka ku Ogwen ndi ku Dinorwig, kapena mahatchi aang'ono a m'mapiri a Carneddau. Popanda zimenezi woonera sangadziwe ngati thanthwelo ndi la mamita 3 kapena 300.

Thambo lipatseni malo molingana ndi ntchito yake. Likakhala lotuwa lopanda maonekedwe, lisiyireni kachidutswa kapena lichotseretu. Likakhala la mitambo yolemera, lipatseni magawo awiri mwa atatu. Musanadine, yendetsani diso m'mbali zonse zinayi za chithunzi. Ndi m'menemo momwe mumabisala nthambi yodulidwa, mwendo wa thirayipodi, ndi chikwama chanu chomwe.

Chachisanu ndi chimodzi, tcherani kamera

Jambulani RAW. Ikani ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, pa 100, ndipo aperture, kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, pakati pa f/8 ndi f/11. Musathamangire f/22 poganiza kuti zonse zithwa. Kabowo kakachepa kwambiri kuwala kumamwazika, chithunzi chonse n'kufewa. Liwiro la shata lisiyeni ligwe pomwe lagwera, poti kamera ili pa thirayipodi. Gwiritsani ntchito taima ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Kukakhala mphepo musatambasule miyendo yonse ya thirayipodi, chotsani lamba wa kamera yemwe amakupiza, ndipo imani mbali yomwe mphepo ikuchokera kuti thupi lanu litchinge.

Pa lenzi yotambalala, pa f/11, lozetsani fokasi pa chinthu chomwe chili mamita awiri kapena atatu kuchokera pomwe muli, ndipo pafupifupi zonse zidzathwa mpaka kuphiri. Mwala wa patsogolo ukakhala pafupi kuposa pamenepo, jambulani kawiri kapena katatu osasuntha kamera, fokasi pa mwala, pakati, ndi paphiri, mudzaphatikize pa kompyuta. Mukatha, kulitsani chithunzicho pa sikirini muone ngati chathwadi. Kuona zimenezi mutafika kale kunyumba n'kowawa.

Sikirini imanama, makamaka kukakhala mdima, pomwe chilichonse chimaoneka chowala. Khulupirirani histogram, girafu ya pa kamera yosonyeza zakuda kumanzere ndi zowala kumanja. Ikagunda khoma la kumanja ndiye kuti mitambo yapserera, ndipo chopserera sichibwerera. Tsitsani kuwala mpaka ichoke pakhomapo. Mithunzi ya mu RAW mudzaidzutsa pambuyo. M'bandakucha, pamene thambo lawala koma chigwa chikadali chakuda, jambulani katatu: kamodzi pakati, kamodzi mochepetsa masitopu awiri, kamodzi mowonjezera awiri (sitopu imodzi ndi kudula kuwala pakati kapena kukuwirikiza kawiri). Pa chipale chofewa chitani zosiyana. Kamera imafuna kuchisandutsa chotuwa, ndiye wonjezerani sitopu imodzi.

A foni, gwiritsani ntchito lenzi yaikulu ya 1x, chifukwa ndiyo yabwino pa onse. Dinani pa gawo lowala la thambo n'kugwirira mpaka fokasi itakhazikika, kenako tsitsani kuwala ndi chala. Musakulitse ndi zala ziwiri. Pukutani lenzi pafupipafupi, foni yochoka m'thumba imakhala ndi mafuta ndi nthunzi.

Chachisanu ndi chiwiri, madzi

Ku Wales simungawathawe. Malo ena a Yr Wyddfa amalandira mvula yoposa mamilimita 4,000 pa chaka, ndipo yonseyo imayenera kutsika. Pa mathithi ndi timitsinje, liwiro la pakati pa 1/4 ndi 1/2 sekondi limasiya madzi akuoneka kuti akuyenda koma mizere yake ikadalipo. Mukapitirira masekondi awiri amasanduka choyera chopanda maonekedwe. Ena amakonda zimenezo, ine ayi. Yesani maliwiro atatu kapena anayi, poti mtsinje wodzaza umafuna liwiro lofulumirirapo kusiyana ndi wochepa madzi.

Polariser ndi yofunika pano kuposa pena paliponse. Izungulitseni pang'onopang'ono mukuyang'ana mwala wonyowa: kunyezimira kumachoka, mtundu weniweni wa mwala ndi ndere n'kutuluka. Imadyanso kuwala kokwana sitopu imodzi kapena awiri, zomwe zimakuthandizani kuchedwetsa shata. Koma pa nyanja yodekha imatha kufufuta chithunzithunzi cha phiri chomwe munadzukira m'bandakucha, imatha kufufuta utawaleza, ndipo pa lenzi yotambalala imasiya chigamba chakuda pakati pa thambo. Muziyang'ana chomwe ikuchita, musangoisiya pa lenzi tsiku lonse. Pofuna kusalaza mafunde a pa nyanja kapena kukoka mitambo, fyuluta yakuda yochepetsa kuwala, ya ND ya masitopu 10, imasandutsa 1/30 sekondi kukhala pafupifupi masekondi 30.

Pafupi ndi mathithi madontho amagwera pa lenzi osaleka. Tcherani zonse, phimbani lenzi ndi kansalu, dinani taima, chotsani kansaluko nthawi itatsala pang'ono. Ndipo yang'anani popondapo. Miyala ya ku Sgwd yr Eira imaterera ngati therere, ndipo ena mwa anthu ovulala m'dera limeneli amakhala kuti anasiya njira kuti akapeze poima pabwino.

Chachisanu ndi chitatu, dikirani

Mwatchera zonse, kuwala kulibe. Apa ndi pomwe ambiri amalongedza. Tembenukirani komwe mphepo ikuchokera muone mitambo. Ngati kuli mpata wowala ndipo mphepo ikuukankhira kwa inu, mudzaona kachigamba ka dzuwa kakuyenda pa phiri lakutali, kakutsika m'chigwa, kakuyandikira. Phimbani kamera ndi pulasitiki, valani chovala china musanayambe kunjenjemera, imwani tiyi, koma dzanja likhale pafupi. Kuwalako kukafika pomwe munakonza kumakhala masekondi 20 kapena 30, nthawi zina osakwana. Mvula ikamadutsa dzuwa lili kumbuyo kwanu, utawaleza udzaonekera kutsogolo, moyang'anizana ndi dzuwalo.

Dzuwa likalowa musathamange. Kuno chisisira chimatenga nthawi yaitali, ndipo mitambo imatha kufiira patapita mphindi 15 kapena 20 ena atapita kale kugalimoto. Ofuna nyenyezi ali pabwino, poti mapaki onse awiri ndi ovomerezeka ngati malo a thambo lamdima, Bannau Brycheiniog kuyambira 2013 ndipo Eryri kuyambira 2015. Yambirani pa f/2.8, ISO 3200, masekondi 15 mpaka 20, usiku wopanda mwezi. Mu Juni musavutike, sikuda kwenikweni.

Chachisanu ndi chinayi, tsikani bwino

Wojambula amakwera kukadali mdima kapena amatsika kutada, nthawi yomwe anthu ena onse kulibe. Choncho njira yomwe mudzayende ndi tochi muyambe mwaiyenda masana. Uzani munthu komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Netiweki imasowa m'zigwa zambiri, ndipo batire ya foni imatha msanga kukazizira. Zikavuta imbani 999, pemphani apolisi, kenako nenani kuti mukufuna Mountain Rescue. Magulu amenewa, monga a ku Llanberis ndi a ku Ogwen, ndi a anthu ongodzipereka omwe amasiya ntchito ndi tulo tawo. Pakagwa chipale ndi madzi oundana, njira za pamwamba zimafuna zida ndi luso lapadera. Ngati mulibe, jambulirani m'chigwa ndi lenzi yokokera, chithunzi chake sichichepa mphamvu.

Malo ambiri m'mapakiwa ndi minda ya anthu. Geti lomwe mwalipeza lotseka litsekeninso, musakwere pa mipanda ya miyala, galu akhale pa chingwe pafupi ndi nkhosa. Drone isadutse mamita 120 kuchokera pansi, ndipo pa malo a bungwe losamalira malo la National Trust, omwe akuphatikizapo mbali yaikulu ya Ogwen ndi Pen y Fan, siiloledwa popanda chilolezo. Mukadutsa m'ma bracken, madzulo dzifufuzeni nkhupakupa.

Musanalowe m'galimoto yofunda kapena m'nyumba, tulutsani memori khadi, kamera muitsekere m'chikwama, ikhale momwemo ola limodzi kapena awiri. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda limachita nthunzi mpaka mkati mwa lenzi.

Pomaliza, pa kompyuta

Musasankhe zithunzi tsiku lomwelo. Thupi likadali kukumbukira kuzizira ndi kutopa, ndipo mudzakonda chithunzi chifukwa choti munachivutikira. Pakapita masiku angapo, sankhani zitatu kapena zinayi.

Mu Lightroom, mu Darktable yomwe ndi yaulere, kapena mu Snapseed pa foni, yambani ndi kuwongola chithunzi. Nyanja yopendekeka imaonekera msanga. Tsitsani zowala kwambiri, dzutsani mithunzi pang'ono chabe, chifukwa mukaidzutsa yonse phiri limataya kulemera kwake. Chenjerani ndi zobiriwira. Udzu wa ku Wales ndi wobiriwira kale mopitirira, ndipo mukawonjezera saturation, mphamvu ya mitundu, umaoneka ngati wapulasitiki. Nthawi zambiri umafunika kuuchepetsa n'kuukokera pang'ono ku chikasu. Chifunga musachichotse ndi dehaze, ndicho chimalekanitsa phiri lapafupi ndi lakutali. Kenako ndi burashi walitsani pang'ono pomwe dzuwa linagwera, detsani pang'ono m'mbali, ndipo kulitsani thambo mufufute timadontho ta mvula ndi fumbi. Zithunzi za ku Dinorwig ndi za masiku otuwa ziyeseni zakuda ndi zoyera.

Potumizira abale pa WhatsApp, chithunzicho chitumizeni ngati document. Mukachitumiza mwa nthawi zonse chimafinyidwa, thambo limatuluka mizeremizere, ndipo miyala yomwe munaivutikira fokasi imafika itafewa.